NDANI ADZALIPILA MPANDO WOPANDA MUNTHU?

Pa 5 Meyi 2023, bungwe loona za umoyo la WHO linalengeza kuti matenda a Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi. Mitima yathu inakhala pansi. Mamasiki tinataya, zidebe za madzi osamba m'manja zinacoka pa makomo a masitolo, ndipo nkhani ya mlili inaleka kumveka pa wailesi. Koma pali funso limodzi limene mlili uja unatisiyila, ndipo yankho lake lomveka sitinalimve. Boma likauza anthu kuti akhale pa nyumba, kapena kuti asakhale mothithikana, nanga minibasi imene imatenga wanchito ku Kanyama kukamutula m'tauni icite bwanji? Ndipo mpando umene lamulo lanena kuti ukhale wopanda munthu, adzaulipila ndani?

Ena adzati tikufukula zakale. Iai. Mu Okutobala 2023, patangopita miyezi 5 cilankhulile a WHO, kolela inabuka mu Lusaka, inafika m'zigawo zonse 10 za dziko lino ndi kupha anthu oposa 700. Masukulu amene anafunika kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Cakudza siciimba ng'oma. Nkhani iyi ifunika kukambidwa tsopano pamene tili ndi mpata woganiza, osati pa tsiku limene maambulansi ayamba kale kulila m'miseu.

Tiyambe ndi kukumbutsana mmene timayendela. Acikulile akumbukila mabasi a UBZ, kampani ya boma imene inali ndi njila zoikika ndi mitengo yoikika. Kampaniyo inagwa pakati pa zaka za m'ma 1990, boma la a Frederick Chiluba litatsegulila aliyense malonda, ndipo malo ake anatengedwa ndi maminibasi a anthu wamba, ma Hiace ndi ma Rosa amene amadzaza Kulima Tower, City Market, Lumumba ndi Millennium. Basi iyi siyang'ana nkoloko. Imanyamuka ikadzala. Imaima pamene wokwela wapempha. Imapatuka kulowa m'komboni kondakita akaona anthu, ndipo imabwelela panjila ngati kutsogolo kulibe okwela. Matakisi, njinga zonyamula anthu za ku Chipata ndi njinga zamoto zimene zaculuka kum'mawa, zonse zimayendela lamulo limodzimodzi: zimapita kumene kuli wolipila.

Ubwino wa mayendedwe otele ndi waukulu, ndipo sitifuna kuucepsa. Komboni yatsopano ikamela, basi imafikako khonsolo isanaikeko ngakhale cikwangwani. Koma kumbuyo kwake kuli masamu ouma. Mwini basi amauza dalaivala ndalama imene afunika kubweletsa madzulo alionse, imene onse amaicha kashingi. Mafuta amacokela m'ndalama za tsiku lomwelo. Zolipila pa siteshoni ndi kangacepe ka a ngwangwazi zimacokela momwemo. Cimene catsala pambuyo pa zonsezi ndico dalaivala ndi kondakita amapita naco kwa ana ao. Boma siliikapo ngwee iliyonse. Conco mpando uliwonse m'basi uli kale ndi pakamwa pamene pakuudikila.

Tsopano onani zimene zinacitika mu 2020. Pa 18 Malichi boma linalengeza za anthu awili oyamba kupezeka ndi kalombo ka kolona m'dziko muno. Pa 20 Malichi masukulu, makoleji ndi mayunivesiti anatsekedwa. Pa 25 Malichi mtsogoleli wa dziko panthawiyo, a Edgar Lungu, analamula kuti mabawa, malo ovinila usiku ndi makasino atsekedwe, malesitilanti azigulitsa cakudya cokadyela kwina, ndipo misonkhano isapitilile anthu 50. Tauni ya Kafue inatsekedwa pa 15 Epulo kuti anthu apimidwe, ndipo malile a ku Nakonde anatsekedwa pa 11 Meyi. Koma dziko lonse silinatsekedwe monga anacitila anzathu a kum'mwela, ndipo maminibasi a mu Lusaka sanaletsedwe kuyenda.

Ngakhale zinali telo, basi inamva kuwawa. Kutseka sukulu ndiko kucotsa ana ndi aphunzitsi m'basi ya m'mawa. Kutseka bawa ndiko kucotsa opelekela mowa, ophika ndi makasitomala ao m'basi ya usiku. Kucepetsa anthu pa malilo ndi pa maukwati ndiko kucotsa maulendo a pa Ciwelu. Makampani ena anauza anchito ao kuti azigwilila nchito ku nyumba pa kompyuta, ena anawaimitsa kumene. Okwela anacepa, ndipo kucepa kwao kunabala zinthu zitatu zimene tifuna kuti awelengi aziganizile bwino.

Coyamba, okwela akacepa basi imacedwa kudzala. Munthu amene kale anali kudikila mphindi zocepa pa siteshoni anayamba kukhala nthawi yaitali m'basi yoima, mapewa atagundana ndi anzake, kuyembekeza kuti mpando wothela upeze mwini. Apa ndi pamene pagona bvuto. Malamulo ofuna kucepetsa kusonkhana anacepetsa maulendo a mabasi, koma sanacepetse anthu m'basi imodzi. Anangotalikitsa nthawi imene anthuwo anakhala pamodzi. Lelo tidziwa bwino cimene mu Malichi 2020 cinali cisanamveke: kalombo ka kolona kamayenda kwambili mu mpweya umene timapuma, ndipo ngozi imakula malo akakhala otsekeka, anthu akaculuka, ndi nthawi ikatalika. Basi yoima pa siteshoni, mawindo otseka, ili ndi zonse zitatu. Tinalimbikila kupukuta manja ndi mankhwala pa citseko, zimene zinali zabwino, koma windo linali lofunika koposa. Ndipo malangizo akuti pakhale mita imodzi pakati pa munthu ndi mnzake anali maloto m'Hiace imene m'lifupi mwake simufika mamita 2, koma imakhazika anthu 4 pa mzele umodzi.

Caciwili, basi imene imatsata ndalama imathawa kumene ndalama zacepa. Njila zazikulu zopita m'tauni zinapitiliza kuyenda. Zimene zinayamba kusowa ndi basi za mbandakuca, basi za usiku, ndi basi za kumathelo a mzinda kumene okwela ndi ocepa ngakhale pa masiku abwino. Koma nthawi zimenezi ndizo amayendela anthu amene mzinda sungakhale popanda iwo: namwino wolowa nchito ya usiku, mlonda, woyeletsa m'cipatala, ndi amai amene amafika ku msika wa Soweto kusanace kukapikula tomato ndi lepu. Pa wailesi tinawayamika anthu awa kuti ndi ngwazi, koma palibe anawafunsa kuti afika bwanji ku nchito.

Cacitatu, ndalama zolowa zinacepa pamene zotuluka zinakwela. Kuciyambi kwa 2020 dola imodzi inali pafupifupi K14, koma pofika kumapeto kwa caka inali itapitilila K20. Matayala, mabuleki ndi zitsulo zonse za Hiace zimacokela kunja, conco mitengo yake inatsata dola. Dalaivala amene kashingi yake sinatsike anatsala ndi njila zocepa: kuonjezela munthu pa mzele, kuthamanga kuti apeze ulendo wina, kudula ulendo pakati kuti wokwela alipile kawili, kapena kugona ndi njala. Timafulumila kuwaweluza madalaivala kuti ndi osamva. Ena ndi osamvadi. Koma tiyeni ticite masamu a mwana wa giledi 3. Basi yonyamula anthu 16 ikauzidwa kunyamula 8, mafuta amene imamwa kucoka ku Chelstone kufika m'tauni sacepa ndi theka. Kuti ndalama ikwane, mtengo ufunika kuwilikiza kawili. Ngati mtengo suloledwa kukwela, ndipo palibe wolipila mipando 8 yotsalayo, lamulo limenelo lidzaphwanyidwa pa kona yoyamba pamene palibe wapolisi.

Onaninso amene anatsala m'basi. Amene ali ndi motoka yake anayenda yekha. Amene ali ndi kangacepe anaitana takisi pa foni, ndipo mayendedwe otele, amene kampani ya Ulendo inali itayamba kale, anakula kwambili Yango itafika mu Lusaka mu 2022. Sitikudandaula nazo, cifukwa zapatsa acinyamata ambili nchito. Koma wogulitsa masamba sangakwele takisi tsiku ndi tsiku. Iye anali ndi zosankha ziwili cabe, basi yodzala kapena miyendo yake. Mlili unagawa mzinda pawili: amene angagule mpata pakati pa iwo ndi anzao, ndi amene sangathe.

Maiko anzathu anayesa njila zina, ndipo zimene zinawacitikila ndi sukulu yaulele kwa ife. Ku Uganda, a Yoweri Museveni anaimitsa mabasi, matakisi ndi njinga zamoto zonyamula anthu pa 25 Malichi 2020, ndipo patapita masiku ocepa anaimitsanso mamotoka a anthu wamba. Wofuna kupeleka wodwala ku cipatala anafunika cilolezo ca mkulu wa boma wa m'dela lake. Manyuzipepala anasimba za azimai apakati amene anamwalila cifukwa cosowa cowafikitsa ku cipatala pa nthawi yake. Sanaphedwe ndi kolona, anaphedwa ndi mseu wopanda motoka.

Ku Zimbabwe, dziko litatsekedwa pa 30 Malichi 2020, maminibasi a anthu wamba analetsedwa pokhapokha atalowa pansi pa kampani ya boma ya ZUPCO. Mabasi a kampaniyo sanakwanile. Anthu a mu Harare anali kuima pa mizele yaitali mothithikana, ena kukwela kumbuyo kwa malole, ena kupanikizana m'timamotoka topanda ziphaso timene kumeneko amaticha mushikashika. Ciletsoco cinacotsedwa mu 2022. Boma linatseka citseko ca minibasi, anthu analowela pa windo la motoka yoopsa koposa.

Ku Kenya, mu Malichi 2020, boma linalamula kuti minibasi ya mipando 14 izinyamula anthu 8. Mitengo inakwela nthawi yomweyo, ndipo mipando yopanda anthu inalipilidwa ndi okwela, mpaka lamulolo linacotsedwa mu Ogasiti 2021. Ku South Africa, kumene dziko linatsekedwa pa 27 Malichi 2020, maminibasi analoledwa kuyenda maola ocepa m'mawa ndi madzulo, ndipo pambuyo pake anauzidwa kudzaza mipando 70 mwa 100 iliyonse. Boma linalonjeza thandizo la ndalama zoposa R1 biliyoni, koma eni mabasi anati n'zocepa ndipo zili ndi zofunika zambili zokwanilitsa. Kumapeto kwa Juni bungwe lao la SANTACO linalengeza kuti lidzayamba kudzaza mabasi, boma lifune lisafune. Mu Julayi a Cyril Ramaphosa anabvomeleza kuti mabasi a maulendo aafupi azidzala, malinga ngati mawindo ndi otsegula ndipo onse abvala mamasiki. Ndipo kwa anansi athu ku Malawi, khoti lalikulu linaimitsa kutseka dziko kwa masiku 21 mu Epulo 2020, odandaula atanena kuti boma silinakonze cimene osauka adzadya.

Njila zinali zosiyana, koma phunzilo ndi limodzi. Ukaletsa basi, anthu sasiya kudwala, kubeleka ndi kumva njala, amangoyenda mobisala ndi moopsa. Ukacepetsa okwela osalipila, mtengo umagwela wosauka kapena lamulo limafa. Ku London, kumene mabasi ndi masitima ali pansi pa bungwe limodzi la mzinda, boma linapeleka mapaundi 1.6 biliyoni mu Meyi 2020 kuti apitilize kuyenda ngakhale okwela atacepa. Ife ndalama zotele tilibe. Mu Novembala 2020 dziko lathu linalephela ngakhale kulipila ciwongola dzanja ca nkhongole zake zakunja. Koma kusowa ndalama si cifukwa cosowela nzelu. Mu Epulo 2020 Bank of Zambia inaika pambali K10 biliyoni yothandiza malonda, koma ndalamazo zinadzela ku mabanki ndi mabungwe obweleketsa, amene amafuna mapepala ndi cikole. Mwini Hiace imodzi amene mabuku ake ali m'thumba la malaya, ndi kondakita amene dzina lake silinalembedwe paliponse, anali kutali ndi khomo limenelo.

Kolela imayenda njila ina, ya madzi ndi cakudya codetsedwa, osati ya mpweya. Komabe malamulo ake amagunda basi cimodzimodzi. Mu Januwale 2018 asilikali anacotsa ogulitsa m'miseu ya m'tauni, misika ina inatsekedwa, ndipo anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda kuyambila 18:00 mpaka 06:00. Wanchito amene amaweluka mdima utagwa anafunika kusankha pakati pa nchito ndi lamulo. Patangopita masiku ocepa ku Kanyama kunabuka cipolowe. Komanso siteshoni imene anthu zikwizikwi amadutsapo pa tsiku, ngati ilibe zimbudzi zaukhondo ndi madzi a ku mpopi, imatenga matenda a komboni imodzi ndi kuwagawila makomboni onse.

Nanga ticite ciani? Tili ndi mapempho 5, ndipo palibe limene lifuna cuma cimene dziko lilibe.

Loyamba lipita ku Unduna wa za Umoyo, Unduna wa za Mtengatenga, RTSA ndi makhonsolo. Khalani pansi ndi mabungwe a eni mabasi ndi a madalaivala tsopano, kulibe mlili, ndi kulemba cipangano cacifupi cimene aliyense angawelenge m'cinenelo cake. Cinene kuti matenda a mu mpweya akabuka basi idzanyamula angati, mtengo udzakhala bwanji, ndipo boma lidzacotsako ciani. Boma silingagawe ndalama, koma lingaimitse kwa miyezi yowelengeka misonkho ya pa siteshoni ndi malipilo a ziphaso kwa basi imene isunga lamulo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo lamulo lolembedwa popanda amene adzalinyamula limathela pa pepala.

Laciwili, lembani maina. Khonsolo iliyonse idziwe mabasi, madalaivala, makondakita ndi onyamula anthu pa njinga amene ali m'dela lake, pamodzi ndi manambala ao a foni. Masiku ano ndalama imafika pa foni ya munthu m'kamphindi. Cimene cimasowa pa tsiku la tsoka ndi mndandanda wokhulupilika. Lamulo la misika ndi masiteshoni la 2007 linaika malo awa m'manja mwa makhonsolo, ndipo mu 2021 a Hakainde Hichilema analamula kuti makada a zipani acokemo. Mndandanda umene tikupempha ukhale wa khonsolo, usakhale wa cipani ciliconse, cifukwa thandizo lodzela kwa kada limafika kwa abale a kada.

Lacitatu, sankhani njila zimene siziyenela kufa. Njila zofika ku UTH, ku Levy Mwanawasa, ku zipatala za ku Matero, Chawama, Kanyama ndi Chilenje, ndi za ku misika ikuluikulu, zikhale ndi mabasi ocepa amene adzanyamuka pa nthawi yoikika, adzale asadzale, makamaka mbandakuca ndi usiku. Mipando yopanda anthu ya mabasi amenewa ndiyo boma lilipile, kudzela ku ofesi yoona za ngozi ya DMMU. Ndi yocepa poyelekeza ndi mabasi onse a mumzinda, koma ndiyo imasunga zipatala zotsegula. Ndipo palembedwe poyela kuti mai wapakati kapena wodwala mwakayakaya sadzafunika cidindo ca munthu aliyense kuti adutse pa cochinga ca apolisi, kaya ali m'takisi, pa njinga kapena pa ngolo.

Lacinai, windo ndi mpopi. Pamene a RTSA apima basi, aonenso ngati mawindo ake amatseguka. Tonse takwelapo basi imene windo lake linamatidwa ndi pulasitiki kapena kukhomeledwa. Kale cinali cinthu congotopetsa, lelo tidziwa kuti ndi nkhani ya moyo. Pa nthawi ya mlili okwela azidikila panja pa mzele, ndi kulowa basi ikatsala pang'ono kunyamuka. Ndalama za CDF, zimene mu 2022 zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dela lililonse la phungu, zingamange zimbudzi ndi kuika mipopi pa masiteshoni. Aphungu ndi makhansala, iyi ndi nchito imene anthu anu adzaiona ndi maso.

Lacisanu lipita kwa eni mabasi ndi kwa ife okwela. Bambo mwini basi, okwela akacepa ndi theka, kashingi singakhale pomwe inali. Dalaivala ndi kondakita ndi anthu, ali ndi mabanja, ndipo ndiwo amapuma mpweya wa m'basi kuyambila m'mawa mpaka usiku pamene inu muli ku nyumba. Kumuumiliza wanchito kubweletsa ndalama imene mudziwa kuti sangaipeze popanda kuphwanya lamulo ndiko kumutuma kukalakwa m'malo mwanu. Mlandu wa basi yodzala mopitilila suli pa kondakita yekha. Nafenso okwela tisamanyoze mnzathu amene watsegula windo mu Juni, ndipo tisamakakamile kulowa m'basi imene taona kuti yadzala. Amene akutsokomola abvale cophimba kukamwa popanda kudikila kuti nduna ilankhule.

Tidziwa kuti ena adzati boma lili ndi mabvuto akulu koposa awa, nkhongole, magetsi ndi mtengo wa unga. Ndi zoona. Koma mabvuto onsewa amapepuka kapena kulemela malinga ndi kuti munthu wafika pa nchito kapena iai. Mzinda wa Lusaka, umene kalembela wa 2022 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, umadzuka ndi kugona pa mawilo a minibasi. Tinausiya m'manja mwa anthu wamba kwa zaka 30, ndipo iwo aunyamula, ndi zolakwa zao zonse. Si cilungamo kuwakumbukila pa tsiku la mlili lokha, ndi cikwapu m'manja.

Mpando wopanda munthu uli ndi mtengo, ndipo wina adzaulipila. Tikakhala cete, udzalipilidwa ndi amai a ku msika, ndi mwana wa kondakita, kapena ndi wodwala amene sanafike ku cipatala. Tikapangana lelo, mtolowo ungagawidwe pakati pa boma, khonsolo, mwini basi ndi wokwela, aliyense monga mwa mphamvu zake. Tikupempha akuluakulu a mabungwe amene tachula kuti aitanitse msonkhano umenewu caka cino, ndipo zimene adzagwilizane azipacike pa siteshoni iliyonse kuti tonse tiziwelenge.